Mikanda ya ophunzira ikuduka pa chokowera

Funso: Akuluakulu, m'shopu ya mikanda yomwe imaphunzitsanso, mikanda ya m'khosi yopangidwa ndi ophunzira ikumaduka pa chokowera sabata isanathe. Vuto lili pati? Nanga kalasi iyende bwanji makasitomala akamabwerabe?

Yankho 1: Kawirikawiri amakoka waya mopyola muyezo. Mkanda wa masentimita 45 muudulire waya wa 55. Lowetsani waya mu crimp (kachitsulo kakang'ono kabowo komwe mumakafinya ndi pulayala kuti kagwire waya), m'chokowera, n'kubwereranso mu crimp, koma musanafinye pindani mkandawo ngati wavalidwa. Mukafinya uli wowongoka umauma, ndipo waya amathyokera pomwepo. Mikanda yolemera yagalasi imafuna waya wa 0.45 mm, osati 0.38.

Yankho 2: Onaninso pulayala. Yamano imabudula crimp. Pa zibangili za lasitiki, ikokeni kaye musanaveke mikanda, apo ayi zimakhwefuka. Mangani mfundo kawiri, kadontho ka guluu, mfundoyo muibise m'kati mwa mkanda wa bowo lalikulu.

Yankho 3: Za kalasi: ophunzira asapose asanu. Longedzeranitu zida za aliyense m'timapepala usiku, yalani nsalu patebulo kuti mikanda isagubuduzike, ndipo pakauntala pakhale wina.