"Make mbuu, mwana mbuu": kodi mbuu ndi kuyera kapena kutuwa?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo timaonera pa TV zimbalangondo zoyera zija za kumadzi oundana ku Arctic. Chachikazi chinatuluka m'dzenje lake la m'chipale, tiana tiwiri tikudzandira pambuyo pake. Agogo anangoti, "Ee, make mbuu, mwana mbuu," n'kuseka. Ine mwambiwu ndimaumva anthu akamanyoza. Ndiye mbuu kwenikweni n'chiyani? Agogowo nditawafunsa anandiuza kuti ndikafunse kusukulu komwe anandilipirira fizi.

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, choyera bwino timati mbee. Mbuu ndi kutuwa. Munthu wochokera kuchigayo, ufa uli m'nsidze ndi m'tsitsi, ali mbuu. Mwana wosamba osadzola mafuta mu June, miyendo mbuu. Mwambiwo ukuti mwana amatengera make, ndipo kawirikawiri ndi chitonzo: mayi wauve, mwananso wauve. Agogo ako amangoseweretsa mawu.

Wokhala ku Canada:
Aphunzitsi, mwina agogowo anaona bwino kuposa ife. Ubweya wa chimbalangondo chachikulu suli mbee ayi, umapita kuchikasu, ndipo khungu lake ndi lakuda. Koma ngati nkhani ndi uve kapena ulesi, chimbalangondo chachikazichi mwambiwo sukuchikhudza. Cha ku Churchill, tauni ya kuno ku Canada m'mbali mwa nyanja ya Hudson Bay, chachikazi chokhala ndi bere chimatha miyezi pafupifupi 8 osadya kanthu. Chimaswa cha mu December, kawirikawiri ana awiri, osaona, aliyense osakwana kilo imodzi. Mkaka wake ndi wonona zedi, mafuta pafupifupi 30 peresenti, moti potuluka mu March kapena April mwana amakhala atafika makilo 10 kapena kuposerapo, make ataonda. Bambo sapezekapo n'komwe. Nthawi zina chachimuna chimapha ana, ndiye make amachilambalala patali.

Mayi wa ku Dedza:
Ine kwathu sindinamvepo mwambiwu poyamikira munthu. Mtsikana akakhala waulesi ngati make, amayi kumjigo amangoyang'anizana, wina n'kuti "make mbuu." Kumalizitsa samaliza, aliyense wamva kale.

Wokhala ku Canada:
Zoona mayi, koma kutengera n'komweko. Anawo amakhala ndi make zaka ziwiri ndi theka. Iye akamadikira chete pabowo la m'madzi oundana kuti nyama ija amati seal itulutse mphuno ipume, iwo amakhala poteropo kuonerera. Akasewera n'kuchita phokoso, nyama yathawa, onse agona ndi njala.

Mphunzitsi wopuma:
Kutengera ndavomera. Koma mayi wosala miyezi 8 chifukwa cha ana ine sindingamunene mbuu. Ameneyo wake ndi uja wakuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Wofunsa:
Ndawawerengera agogo zonsezi. Akuti aphunzitsi akhoza, koma iwo sanali kunena zimbalangondo. Amanena ine ndi amayi anga, chifukwa tonse tinakhala pa TV mpaka nsima inapserera pamoto.