Manambala a 13, 16, 18 pakona ya TV amaika ndani, nanga filimu ya usiku amaiduliranji?

Mayi_wa_atatu analemba:

Moni nonse. Pali nkhani yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka. Masana cha m'ma 3 koloko ndinali pabalaza ndi ana, wamkulu ali ndi zaka 11 wamng'ono 5, pa TV akuonetsa nyimbo, mwadzidzidzi kwabwera vidiyo atsikana akuvina ngati sanavale, mawu akenso olaula okhaokha, ine kufunafuna rimoti osaiona mpaka ndinakazimitsa pakhoma. Pakona panalibe nambala kapena chilembo chilichonse. Usiku wake ana atagona siteshoni yomweyo inaika filimu yomwe ndinaionerapo kale yonse, pakona alemba 16, koma anaiduladula moti pamene mkazi uja amamenyedwa ndi mwamuna wake anachotsapo, ndiye woonera koyamba sangamvetse chomwe anathawira pabanja. Zinandipweteka chifukwa mtima wa filimuyo uli pomwepo. Amene mukudziwa tandiuzeni, manambala aja ndi zilembo za L, V, S amaika ndani? Ndipo ngati alemba kale 16 nkuiika usiku, akudulanso chani?

Kadzidzi_84 anayankha:

Mayi, zilembozo L ndi kutukwana, V ndi chiwawa, S ndi zogonana, N ndi maliseche, ndipo nambala ndi zaka zomwe mwana ayenera kufika. Koma chomwe ambiri sadziwa nchakuti filimu yakusinema ndi pulogalamu ya pa TV sizidutsa pakhomo limodzi. Mafilimu amaunikidwa ndi bungwe, monga BBFC ku Britain kapena FPB ku South Africa. Za pa TV nthawi zambiri amaika nambala ndi eni siteshoni kapena opanga pulogalamu okha, bungwe loyang'anira limalowererapo anthu akadandaula zitaoneka kale. Ku America ndondomeko ya TV-Y, TV-PG, TV-14, TV-MA inayamba mu 1997 ndipo ndi eni matchanelo omwe amadziikira, nyuzi ndi masewera saziika nambala nkomwe. Anakakamizanso kuti kuyambira 2000 TV iliyonse ya mainchesi 13 kupita m'mwamba ikhale ndi V-chip, kachipangizo kowerenga nambalayo nkutseka pulogalamu ngati kholo latchera. Koma nambala ikakhala palibe ngati vidiyo yanu ija kachipangizoko kalibe chowerenga.

Chida china ndi nthawi. Ku Britain amati watershed, 9 koloko usiku mpaka 5:30 m'mawa, isanakwane 9 zosayenera ana siziloledwa ndipo Ofcom, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu kumeneko, imatha kulipiritsa siteshoni. Ku America FCC, bungwe la boma loyang'anira zoulutsa mawu, imaletsa zolaula kuyambira 6 m'mawa mpaka 10 usiku pa matchanelo aulere omwe aliyense amagwira ndi eriyo. Ndiye kwa ine siteshoni yanuyo inalakwitsa kawiri, masana inatayirira ndipo usiku inakutengani ngati mwana.

Gogo_Chikondi anayankha:

Mwana wanga Kadzidzi wafotokoza bwino koma pa zodulazo ine ndikutsutsa. Mukuganiza kuti 9 koloko ikakwana ana onse agona? Nyumba zambiri TV ndi imodzi, ili pabalaza, ena ana amagona pabalaza pomwepo. Ine ndimalera zidzukulu zinayi, maso anga kanambala kapakona kaja sakaona, kamabwera masekondi ochepa nkuzimirira, ndipo zilembozo ndi za Chingerezi, munthu amene sanapite patali ndi sukulu adziwa bwanji kuti S ndi chani? TV yaulere imalowa m'nyumba osagogoda, si ngati kusinema komwe munthu umanyamuka wekha nkukagula tikiti ukudziwa chomwe ukukaonera. Ngati adula pomwe anthu avula ine ndikuti adule ndithu, wofuna yonse akaipeze kwina. Chomwe ndikugwirizana ndi mayi a ana atatuwa ndi cha nkhanza za m'banja, apo sanaganize bwino, zidzukulu zanga zazikazi zikamakula ndikufuna zidziwe kuti zimenezo zilipo ndipo munthu amatha kuchokapo.

Wapa_Studio anayankha:

Agogo mfundo yanu ya kanambala kozimirira ndi yoona, masiteshoni ena amachita kunena ndi pakamwa pulogalamu isanayambe ndipo amabwereza akachoka ku malonda, onse amayenera kutero komanso m'chilankhulo chomwe oonera amamva.

Ine ndinagwirapo ntchito yokonza mapulogalamu pa siteshoni ina, dzina sinditchula. Mayi, kudula kwambiri komwe mumaona sikukhudza makhalidwe ayi, ndi nthawi. Filimu ndi ya mphindi 120, malo omwe wapatsidwa ndi maola awiri ndipo mkatimo muyenera kulowa malonda, ndiye mphindi 20 kapena kuposa ziyenera kuchoka basi. Woduladula amakhala wotopa, filimu sanaionere yonse, amangothamangitsa akaona pomwe pali kumenyana kapena kuchipinda nkudula pamenepo chifukwa akudziwa kuti palibe bwana angamufunse. Nthawi zinanso filimu imabwera yodulidwa kale kuchokera kwa ogulitsa, mawu otukwana atawasintha kapena kuikapo kaphokoso kaja ka piii. Pomwe mavidiyo a nyimbo amabwera ambirimbiri, amangowaponya mu kompyuta kuti azisewera okha masana onse popanda munthu wokhala pansi kuwaonera. Chinanso chomwe chimandikwiyitsa ndi zotsatsa filimu ya usiku zomwe amaziika masana pakati pa makatuni, mfuti ndi magazi zili pomwepo mwana akuona.

Mantha nawonso amadulitsa. Mu February 2004 pa Super Bowl, masewera aakulu a mpira wa ku America, bere la woimba Janet Jackson linaonekera pa TV kosakwana sekondi imodzi, FCC inalamula kampani ya TV ya CBS kulipira madola 550,000. Khoti linadzathetsa chindapusacho ndipo nkhani inatha mu 2012, koma pofika apo masiteshoni anali atayamba kale kuchedwetsa mapulogalamu a live ndi masekondi angapo kuti athe kudula, ndipo mu 2006 chindapusa chachikulu chinakwezedwa kufika madola 325,000 pa cholakwa chimodzi. Bwana wa siteshoni akamva zimenezo amangouza anyamata ake kuti mukakaika dulani.

Koma agogo pomwe ndikuopa ine ndi apa, lumo lomwe mwapereka kuti lidule maliseche silibwerera m'thumba, mawa lidula zomwe akuluakulu a boma sakufuna kuti mumve. Ku Britain komweko kuyambira 1988 mpaka 1994 boma linaletsa kuulutsa mawu a atsogoleri a Sinn Féin, chipani chomwe chinkafuna kuti Northern Ireland ichoke pansi pa Britain, moti mtsogoleri wake Gerry Adams amaoneka pa TV akuyankhula koma mawu omveka anali a munthu wa zisudzo. Apo panalibe mwana amene amatetezedwa. Nchifukwa chake ine ndimakonda nambala ndi nthawi kusiyana ndi lumo, nambala imandiuza zomwe zili mkati ine nkusankha, lumo limandisankhira ndipo silindiuza nkomwe kuti lachotsa chani. Ngakhale BBFC ija poyamba mu 1912 dzina lake linali ndi mawu oti Censors, kutanthauza oduladula, mu 1984 anasintha kukhala Classification, kutanthauza kuika m'magulu.

Gogo_Chikondi anayankha:

Za ndalezo ndamva mwana wanga ndipo sindikuzifuna, munthu ayankhule ndi pakamwa pake timve tokha. Koma isanakwane 9 koloko ndiye lumo ligwire ntchito, apo sindisuntha. Ndipo akadula filimu ya usiku azinena poyamba kuti iyi tadulamo, tisamaganize kuti taonera yonse.

Mayi_wa_atatu anayankha:

Zikomo nonse, agogo pa za masana tili limodzi. Achimwene a pa studio mwanditsegula maso, ine ndimaganiza kuti pali gulu la anthu lomwe limakhala pansi kuonera chilichonse chisanatifike. Ndalemba kalata ku siteshoni ija, ndaikamo tsiku, nthawi ndi dzina la pulogalamu ya nyimbo, ndawapemphanso zomwe anena agogo zoti azilengeza akadula filimu, kope lina ndatumiza ku bungwe loyang'anira zoulutsa mawu. Dzulo ndakhala pansi ndi wazaka 11 uja kumufotokozera L, V ndi S, anandifunsa kuti nanga nyuzi zikamaonetsa mitembo bwanji saikapo V, ndinasowa chomuyankha. Pa dikoda ndaika PIN pa 13, koma TV ya kuchipinda kwa ana ndi yakale ya eriyo ilibe potchera, alipo akudziwa njira ina kapena ndingoichotsako?