Kupita ku Likoma mu February: ndi nzeru kapena ndikudzisakira mavuto?

Wofunsa, ku Nchalo:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito ya nzimbe, ndipo tchuthi chenicheni timachiona fakitale ikasiya kugaya, mvula ili pakati. Ndiye chaka chino ndikufuna kutenga mayi akunyumba tikapume ku Likoma mu February. Chipwirikiti cha pa Khirisimasi ndi pa Isitala sitikuchifuna. Tikufuna mchenga, kamphepo, nsomba yowotcha, basi, poti tonse tinakulira m'chigwa muno ndipo madzi amene timawadziwa ndi a Shire, amene ungosambamo ng'ona yakupatsa moni. Amene munapitako nyengo ya dzinja, kumakhala bwanji? Malo ogona amatsegula? Nanga tiyende bwanji kuchokera kuno?

Mayi a ku Bangula:
Achimwene, madzi sanakukwaneni? Namondwe wa Ana anatipeza mu January 2022, wa Freddy anabwera mu March 2023, inu mwasankha mwezi wa pakati pake kuti musiye nyumba ndi mbuzi. Ine sindikukuletsani, koma musiye munthu wamkulu pakhomo, osati ana okhaokha.

Mwana wa pachilumba, wokhala ku Ndirande:
Bambo, kwathu ndi komweko, ndiye ndikuuzeni bwinobwino. Pa nkhani ya bata mwasankha bwino. February alendo amakhala ochepa, gombe lonse limakhala ngati mwalipira nokha. Chilumba chathu nthawi yachilimwe n'chouma, miyala ndi milambe yokhayokha, koma mvula ikagwa chimabiriwira. Mvula yake si yamvumbi tsiku lililonse. Imatha kukhuthuka usiku kapena masana pang'ono, kenako dzuwa n'kuwala. Mwera uja umene umasanzitsa anthu m'sitima ndi wa June mpaka August, ngakhale kuti namondwe wa dzinja nayenso amadzidzimutsa, ndiye kumwamba kukada musakwere bwato laling'ono ngakhale mwiniwake akutsimikizireni chotani.

Nkhani yaikulu ndi sitima. Ilala imayenda kamodzi pa sabata. Kwa zaka zambiri yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, n'kufika ku Likoma Loweruka, kupitirira ku Chizumulu, Nkhata Bay mpaka Chilumba ku Karonga, ndipo pobwerera imadutsanso kwathu cha Lachiwiri. Tanthauzo lake, mukatsika Loweruka mubwerera Lachiwiri lomwelo, apo ayi mudikira Lachiwiri linalo, pokhapokha mutapeza boti la ku Nkhata Bay n'kuzungulira pamsewu. Sitimayi inayamba kuyenda mu 1951, ndi gogo, nthawi zina amaiimitsa kuti aikonze. Imbani ku Monkey Bay sabata yomweyo musanagule ngakhale sopo wa paulendo. Ndipo popeza muli ndi mayi, musaumire pa tikiti. Kunsi kumadzaza matumba a ufa, njinga, malata ndi fungo la usipa. Lipirani pamwamba, mutenge chofunda ndi pepala lotchinga mvula.

Dalaivala wa minibasi, Chikwawa–Blantyre:
Inu mukuopa nyanja, ine ndikuopa M1. Mvula ikagwa usiku wonse kumtunda, mtsinje wa Mwanza ndi timitsinje tinati timadzaza, msewu n'kuduka. Nthawi ya namondwe wa Ana tinakhala osakwera Thabwa, galimoto zili ndondondo. Musayerekeze kunyamuka ku Nchalo Lachinayi madzulo. Nyamukani Lachitatu, mugone mu Blantyre kwa abale, Lachinayi mukagone ku Monkey Bay. Pobwerera musiyenso masiku apadera asanakufuneni kuntchito.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Mayi a ku Bangula, mlamu wanga avomera kugona pakhomo, komanso tili kumtunda pang'ono. Achimwene a pachilumba, nanga zakudya ndi ndalama? Komanso mayiwa ndi a Anglican, akuti tchalitchi chokha chija asabwerere osachiona.

Mwana wa pachilumba:
Ndiye mlamu wathuyo akasangalala. St Peter's, tchalitchi chachikulu cha Anglican chija, ili pa Chipyela, kuyenda pang'ono kuchokera pa Mbamba pamene pali msika. Amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anayamba kuimanga mu 1903, ndi yamiyala, ndipo kukula kwake mudzadabwa kuti zinatheka bwanji pa kachilumba ka ma sikweya kilomita 18 okha. Sitima ikafika Loweruka, Lamulungu mmawa mukalowe nawo mapemphero, kwaya yake mukaimve nokha, osangojambula panja n'kumapita.

Zakudya, nsomba ndi kondowole sizisowa, ngakhale kuti nyanja ikavuta asodzi salowa ndipo mtengo umakwera. Zina zonse, shuga, mafuta, zakumwa, zimabwera pa sitima, choncho n'zodula kuposa ku Nchalo. Inu a kwa shuga nyamulani wanu. Ndalama mutenge zapamanja zokwanira, chifukwa ma ejenti a pafoni nthawi zina amakhala alibe. Malo ogona ena amatseka kapena kuchepetsa antchito dzinja, ena amatsitsa mtengo, ndiye imbani mufunse, ndipo nenererani, nyengo imeneyi amamva.

Mukadzaona chinthu ngati utsi chikutuluka pakati pa nyanja, si moto. Ndi nkhungu, tizilombo touluka tija. Zikafika kumtunda amayi amazikola ndi malichero onyowa, n'kuumba zitumbuwa zakuda. Mulaweko.

Namwino, ku Ngabu:
Neti munyamule yanu, dzinja udzudzu uli paliponse, ngakhale kuti wa kuno kwathu unatiphunzitsa kale. Za likodzo, pewani kusamba pamene pali bango ndi madzi odekha, m'mene mumakhala nkhono. Mukabwerako, pakatha miyezi iwiri mukayezetse kuchipatala, mankhwala ake ndi praziquantel. Ngati mayi ali oyembekezera kapena wina amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, mutenge ochulukirapo, poti sitima ikhoza kuchedwa.

Mnyamata wa ku Nsanje:
Akulu, ndalama zonsezo bwanji osangopita ku Cape Maclear? Basi imodzi, ziwiri, mwafika, zilumba mukuziona poteropo.

Wofunsa:
Aphwanga, ku Cape ndi kwabwino, koma loweruka lililonse a mu Blantyre amakhala ali komweko ndi ma sipika awo. Tatsimikiza za Likoma, tinyamuka Lachitatu monga anenera adalaivala. Achimwene a pachilumba, ndakulemberani kumbali, mundipatseko nambala ya malo ogona apafupi ndi Mbamba, oti mayiwa asayende mtunda wautali popita ku tchalitchi.