Rauta ya kwa Agogo Ikonzeke Lisanafike Lamulungu

Lachitatu m'mawa

Mdzukulu wa ku Zomba: Mwadzuka bwanji nonse, makolo ndi abale anga? Ndabwera ndi nkhani yosakoma kuchokera kuno kwa agogo. Dzulo usiku pa foni yanga panafika uthenga wochokera ku rauta ija anatigulira amalume, kachipangizo koponya Wi-Fi m'nyumba muno, wonena kuti kwatuluka firmware yatsopano, imene ndi pulogalamu ya m'kati yoyendetsa rautayo, ndipo ine ndinavomera kuti ilowe poganiza kuti ndikuchita zabwino. Rauta inazima n'kuyakanso yokha patapita mphindi zingapo, koma chiyambire pamenepo m'nyumba muno mulibe intaneti. Foni yanga ndi laputopu zikugwira Wi-Fi bwinobwino koma palibe tsamba lomwe likutseguka, pomwe foni ya agogo ikukanika ngakhale kuigwira Wi-Fi yeniyeniyo. Uthenga uno ndikutumiza ndi bandulo ya m'foni mwanga.

Amayi aakulu a ku Lilongwe: Tadzuka bwino, mwana wanga, ndipo wachita bwino kutiuza msanga. Ndikukumbutseni nonse kuti Lamulungu likubwerali tinapangana zokambirana pa vidiyo za chiliza cha malemu bambo athu, ndipo amene ayenera kutchula tsiku komanso mawu oti alembedwe pamwala ndi amayi. Sitingakhale pansi kukonza za manda a amuna awo iwo osatiwona kapena kutimva, choncho nkhani ya rautayi ndi ya tonse.

Amalume a ku Johannesburg: Zikomo, achemwali. Iwe mphwanga usade nkhawa, palibe chimene walakwa. Kumbuyo kwa rautayo kuli kabowo kakang'ono kolembedwa kuti reset. Tenga phini, ulowetse m'kabowomo, udinikize kwa masekondi 10 mpaka timagetsi tonse tiphethire, ndipo ibwerera mmene inalili ndikuichotsa m'katoni.

Msuweni wa ku Blantyre: Pepani bambo, ndikupempha kuti kabowoko tisakakhudze kaye. Reset imafufuta zonse zimene zinalembedwa pamanja, kuyambira dzina la Wi-Fi, pasiwedi, mpaka zimene munakonza inu nomwe mutabwera nayo pa Khirisimasi, koma siibweza firmware yakale. Tikafulumira kuidina tikhalabe ndi firmware yomweyi, kwinaku titataya chilichonse chomwe chikanatilozera pamene pavuta. Mmene ndikuonera, mavuto alipo awiri osiyana: loyamba lili pakati pa rauta ndi netiweki ya kunja, n'chifukwa chake laputopu ikugwira Wi-Fi koma osatsegula kanthu, ndipo lachiwiri lili pakati pa rauta ndi foni ya agogo. Msuweni, ndiyankhe kaye mafunso awiri. Kodi magetsi anazimapo pamene firmware inkalowa? Nanga timagetsi ta kutsogolo tikuwoneka bwanji panopa?

Mdzukulu wa ku Zomba: Magetsi sanazime usiku wonse, ndipo sindinaizule pa soketi. Kagetsi ka moto ndi ka Wi-Fi tikuyaka mwa masiku onse, koma kamene kamasonyeza intaneti n'kofiira.

Msuweni wa ku Blantyre: Pamenepo mtima wanga wakhala pansi, chifukwa choopsa kwambiri pa nkhani ya firmware ndicho moto kuduka ili mkati molembedwa. Zikatero rauta imatha kutsala yopanda pulogalamu yoyambira, ndipo nthawi zina siyakanso n'komwe. Yathuyi ikuyaka ndipo ikuponya Wi-Fi, ndiye kuti ili moyo. Tsopano uizimitse, uchotse SIM khadi yake mosamala, uiike m'foni mwako, uzimitse Wi-Fi ya pa foniyo, kenaka uyese kutsegula tsamba lililonse. Ngati khadiyo ili m'kachimango kapulasitiki kokulitsira, usakataye, chifukwa kakasowa khadi siikhazikika bwino m'rauta.

Amayi aang'ono a ku Leeds: Ndangotuluka kumene ku ntchito ya usiku ndipo ndawerenga zonse. Ine mantha anga ndi masiku, popeza atsala anayi okha. Bwanji nditumize ndalama lero lomwe kuti mugule ina yatsopano, iyi muzikonza pang'onopang'ono pambuyo pake? Amayi ndinalankhula nawo pa vidiyo sabata yatha, ndipo sindikufuna kuti tsiku lofunika chonchi ndimve mawu awo kudzera mwa munthu wina.

Amayi aakulu a ku Lilongwe: Mng'ono wanga, mtima wako ndaumva, koma ndalama imeneyo idzafunika pa simenti ndi pa mmisiri wa chiliza. Tiwapatse anawa lero ndi mawa. Likamafika Lachisanu zinthu zisanasinthe, ine ndemwe ndidzanena kuti tigule ina.

Mdzukulu wa ku Zomba: Ndaiika khadi ija m'foni mwanga ndipo intaneti ikugwira bwino kwambiri. Ndaonanso kuti bandulo ya mwezi uno idakalipo yambiri.

Msuweni wa ku Blantyre: Ndiye kuti khadi, bandulo ndi netiweki ya kumeneko zilibe vuto. Usanaichotse, lowa pa Settings, upite pa za netiweki ya m'manja, upeze pamene palembedwa kuti Access Point Names, ujambule zimene zili pamenepo. APN ndi dzina la khomo limene foni kapena rauta imagogoda pa netiweki ya kampani kuti ipatsidwe intaneti, ndipo ikagogoda pa khomo lolakwika imaiwona netiweki koma siiloledwa kudutsa. Bambo, kodi mukukumbukira ngati munalemba chinthu chotere pamanja mutafika nayo kuchokera ku South Africa?

Amalume a ku Johannesburg: Ndakumbukira tsopano, ndipo wandithandiza pondiletsa zija. Tsiku loyamba inakana ndithu kugwira, mpaka ndinapita nayo ku shopu ya kampani ya foni m'tauni, kumene mtsikana wina anandilembera mawuwo pa kapepala, ine n'kuwalowetsa ndekha. Rautayi ndinaigula kuno, choncho zimene inabwera nazo mkati zinali za makampani a kuno. Kapepalako sindikudziwa kumene kanapita.

Msuweni wa ku Blantyre: Zikugwirizana ndi zimene ndimaganiza, kuti firmware yatsopanoyi yabweza rauta pa zimene inabadwa nazo n'kusiya zimene munalemba zija. Msuweni, bwezera khadi m'rauta ili chozima, kenaka uiyatse. Uitembenuze uwerenge kapepala komatidwa kunsi kwake, pamene pali manambala onga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi yolowera. Manambalawo uwalembe pa laputopu pamalo pamene umalemba adiresi ya tsamba. Usadabwe kuti tsambalo litseguka popanda intaneti, chifukwa limakhala m'kati mwa rauta momwemo. Ukalowa upeze gawo la APN, uone ngati ya amalume ako idakalipo pa mndandanda. Ikapezeka uisankhe, ikapanda kupezeka ulembe yatsopano motsatira chithunzi chija, chilembo ndi chilembo. Uonenso ngati sikupempha PIN ya khadi.

Lachitatu madzulo

Mdzukulu wa ku Zomba: Pepani pochedwa kuyankha, magetsi anachoka masana ndipo angobwera kumene. Pasiwedi ya kunsi ija yalola. APN ya amalume inalipo ndithu pa mndandanda, koma chizindikiro chinali chitasamukira pa ina yodzisankhira yokha. Nditangobwezera pa ya amalume n'kusunga, kagetsi kofiira kaja kasintha mtundu ndipo laputopu yatsegula masamba. Za PIN sikupempha. Koma foni ya agogo ikukanabe. Dzina la Wi-Fi ikuliwona, ndikalemba pasiwedi imazungulira kanthawi kenaka n'kubwerera, ngakhale ndalemba katatu mosamala.

Amayi aang'ono a ku Leeds: Ambuye alemekezeke pa gawo loyambali. Za foni ya amayizi zikundikumbutsa makina anga osindikizira makalata, amene anasiya kugwira Wi-Fi nditasintha rauta kuno, ndipo amene anandithandiza ananena kuti vuto linali mtundu wa loko wa Wi-Fi, osati pasiwedi. Kodi sizingakhale zomwezo, popeza foni imene ija ndinawagulira kalekale?

Msuweni wa ku Blantyre: Azakhali, mwalasa penipeni. Loko ameneyo alipo wa mitundu ingapo. Wofala kwambiri ndi WPA2, amene wakhalapo kuyambira 2004, ndipo watsopano ndi WPA3, amene anatuluka mu 2018. Mafoni ambiri opangidwa kale samudziwa WPA3, ndipo ena amasokonezeka ngakhale rauta itaikidwa kuti izilola mitundu yonse iwiri pamodzi, kotero kuti amaoneka ngati akukana pasiwedi pomwe pasiwediyo ili yolondola. Palinso chinthu china chimene ndikufuna tichione nthawi yomweyo. Rauta ngati yathuyi imaponya Wi-Fi pa misewu iwiri, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. Wa 5 GHz ndi wothamanga koma sufika patali ndipo umafooka msanga ukakumana ndi khoma, pomwe wa 2.4 GHz ndi wochedwerapo koma umadutsa makoma bwinoko, ndipo mafoni ena otsika mtengo amamva umenewu wokha. Nyumba ya agogo ndi ya njerwa zootcha, ndipo iwo amakonda kukhala pa khonde la kuseri, choncho msewu wawo ndi wa 2.4 GHz basi. Msuweni, kodi mayina a Wi-Fi akuoneka angati tsopano?

Mdzukulu wa ku Zomba: Kale ankaoneka awiri, lina lokhala ndi 5G kumapeto kwake, koma chiyambire dzulo likuoneka limodzi lokha. Pa gawo la chitetezo palembedwa WPA2 ndi WPA3 pamodzi.

Msuweni wa ku Blantyre: Ndiye kuti firmware yaphatikiza misewu iwiri ija pa dzina limodzi kuti rauta izisankhira yokha chipangizo chilichonse. Uzimitse kabatani kophatikizako kuti mayina abwerere awiri, ndipo pa wa 2.4 GHz usankhe WPA2 yokha. Ngati pali kusankha pakati pa AES ndi TKIP, zimene ndi njira zobisira mauthenga, utenge AES, koma usasankhe WEP, loko wakale wosavuta kuthyola, kapena kusiya popanda loko, chifukwa pamenepo aliyense wodutsa pa msewu angathe kumatidyera bandulo. Ukasunga, Wi-Fi izima kanthawi kochepa, usachite mantha. Kenaka pa foni ya agogo udinikize dzina la Wi-Fi, usankhe Forget kuti iiwale zakale, uizimitse n'kuiyatsanso, ndipo ulembe pasiwedi ngati koyamba. Mwa njira, 5G ya pa dzina lija imangotanthauza 5 GHz, siikhudzana ndi 5G imene makampani a mafoni amatsatsa.

Mdzukulu wa ku Zomba: Yagwira! Ndapita nayo mpaka pa khonde la kuseri ndipo timizere tikuoneka titatu. Mauthenga a agogo a masiku awiri alowa onse nthawi imodzi, ndipo panopa akumvera uja munatumiza dzulo, amayi aang'ono.

Amayi aakulu a ku Lilongwe: Mwagwira ntchito yotamandika, ana inu. Koma ine ndili ndi funso limene landikhala pamtima chiyambire m'mawa. Ngati rautayi inkagwira bwino chaka chonse, firmware yatsopanoyo tikuifuniranji? Kodi sitingabweze yakale ija, kapena kutseka kuti uthenga woterewu usadzabwerenso? Amayi ndi munthu wamkulu, ndipo mdzukulu wawoyu akabwerera ku sukulu adzatsala ndi mtsikana wowathandiza yekha, amene sangadziwe za APN.

Msuweni wa ku Blantyre: Funso lanu ndi loona, azakhali, ndipo sindikufuna kulipeputsa. Kubweza yakale sindikulimbikitsa, chifukwa marauta ambiri salola, ndipo kukakamiza fayilo yotengedwa pa tsamba losadziwika kapena ya mtundu wina wa rauta ndiyo njira yachidule yoiphera. Kusiyiratu kulandira zatsopano nakonso si kwabwino, popeza opanga amatulutsa firmware makamaka pofuna kutseka mipata imene anthu achinyengo amalowera, ndipo pa Wi-Fi imeneyi m'pamene pamadutsa mauthenga a ndalama zimene tonse timatumiza kwa agogo. Maganizo anga ndi akuti titseke zoti izidzilowetsera yokha usiku, ngati kabatani kake kalipo, ndipo ine ndiziiona ndikapita ku Zomba, masana, magetsi ali bwino, zonse nditazijambula kaye.

Amalume a ku Johannesburg: Ndikuvomereza, ndipo ndiwonjezerepo ziwiri. Pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta ikadali ya kunsi ija, imene aliyense wonyamula rautayo angawerenge, choncho isinthidwe mawa lomwe. Yatsopanoyo isalembedwe pa gulu pano, koma m'kope limene lizikhala m'kabati ya amayi, pamodzi ndi APN, mayina awiri a Wi-Fi ndi mtundu wa loko, kuti zisadzasowenso ngati kapepala kanga kaja. Chachiwiri, ndikufuna tigule kabatire kosunga moto ka rauta, kuti magetsi akachoka mwadzidzidzi ngati lero isamazime. Mphwanga, jambula zolembedwa pa chaja chake kuti tione ngati ndi cha 12 V kapena 9 V, tisagule chosagwirizana nacho.

Amayi aang'ono a ku Leeds: Kabatireko ndigula ndine, popeza za rauta yatsopano mwandiletsa. Achimwene, inu muikepo bandulo ya mwezi wa mawa, achemwali agule kope. Ndikupemphanso kuti tisadikire Lamulungu osayesa. Loweruka tiimbirane tonse pa vidiyo, amayi atakhala pa khonde pamene adzakhale tsikulo, pa foni yawo osati ya mdzukulu.

Mdzukulu wa ku Zomba: Pa chaja palembedwa 12 V, ndipo chithunzi ndatumiza kwa msuweni pamodzi ndi cha masamba onse amene tasintha. Ndapezanso pamene palembedwa Backup, ndasunga pa laputopu fayilo yake, yokhala ndi zonse zimene takonza m'rauta. Kabatani kodzilowetsera firmware kanali koyatsa, ndakazimitsa. Agogo akuti Loweruka m'mawa amapita ku Mvano, choncho kuyesako kukhale masana.

Amayi aakulu a ku Lilongwe: Zikhale choncho. Loweruka tiyese 3 koloko masana nthawi ya kuno, imene ndi yofanana ndi ya ku Johannesburg, ndipo Lamulungu tikumane nthawi yomweyo titaweruka ku tchalitchi. Mng'ono wanga, kwanuko idzakhala 2 koloko, popeza mawotchi anu simunabweze mpaka kumapeto kwa October. Iwe mwana wanga uonetsetse kuti foni ya agogo ako yadzaza moto Lachisanu usiku, ndipo ukonzeretu cholembera, chifukwa mawu a pamwala akadzawatchula udzawalemba ndiwe.