Za holo ya abale ija, tikonze kapena tigwetse?

Wapampando (Bambo Chisale):
Moni nonse abale ndi alongo. Nkhani ya sabata ino ndi ya holo yakale ija ya bungwe la abale, imene ambirife tinakula tikungoti ku loji. Akuluakulu amene atsala m'bungwemo atilembera kalata kuti mphamvu zawathera, sangathenso kuisamalira, ndiye akufuna kuipereka m'manja mwa gulu lathu lachitukuko pamodzi ndi katundu yense ali m'katimo. Komiti yagawanika, ena akuti tigwetse timange mashopu a lendi, ena akuti tikonze ikhale holo ya misonkhano ndi layibulale. Tisanavote ndati timve kaye maganizo anu. Chonde tilemekezane polankhula.

Yamikani:
Bwana wapampando ine langa ndi limodzi, tigwetse basi. Denga likudontha paliponse, khoma lakumbuyo linang'aluka kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndiye tikayamba kukonza tizingothira ndalama chaka ndi chaka osaona mapeto ake. Mashopu azitibweretsera kenakake mwezi ndi mwezi, achinyamata apeza pochitira bizinesi. Mbiri ndi yabwino koma achinyamata akufuna ntchito.

Mayi NaPhiri:
Ine nkhawa yanga si denga ayi. Kodi tikudziwa zimene ankachita m'menemo? Mazenera ali m'mwamba kuti munthu asasuzumire, chitseko chili ndi kabowo, ankakumana usiku amuna okhaokha ndipo akatuluka palibe amene ankanena chilichonse ngakhale kwa mkazi wake. Tili ana ankatiletsa kudutsa pafupi. Nde lero tiziti ana athu azikawerengera mabuku m'nyumba yomweyo? Ine mtima wanga sukuvomera.

Aphunzitsi Banda:
Mayi NaPhiri funso lanu ndi lofunika ndipo si inu nokha amene muli nalo, ndiloleni ndifotokozeko pang'ono, pepani nditalikitsa. Mabungwe a abale amene amakumana m'maloji alipo amitundu yambiri ndipo anthu timangowaphatikiza onse ngati ndi amodzi. Odziwika kwambiri ndi ma Freemason, amene Grand Lodge yawo yoyamba, likulu loyang'anira maloji, inakhazikitsidwa ku London mu 1717 pamene maloji anayi anagwirizana. Amenewa ndi amene Papa Clement XII analetsa Akatolika kulowamo mu 1738, ndipo mu 1983 Vatican inabwerezanso kuti lamuloli silinasinthe, ndiye kukayikira kwa anthu opemphera sikunayambe lero. Koma panalinso mabungwe ena a anthu wamba ogwira ntchito zamanja amene cholinga chawo chachikulu chinali thumba lothandizana pa matenda ndi pa maliro, monga Oddfellows a Manchester Unity amene anayamba mu 1810, ndi Ancient Order of Foresters a mu 1834. Ku Britain boma linawavomereza mabungwe othandizanawa ndi lamulo la mu 1793. Nthawi imeneyo munthu ukadwala osapita kuntchito malipiro ankaima tsiku lomwelo, ukamwalira banja likhoza kulephera ngakhale bokosi, ndiye anthu anati tiyeni tizisonkha pang'onopang'ono. Thomas Wildey anakayambitsa loji ya Odd Fellows ku Baltimore mu 1819, ndipo ntchito zimene bungwelo limauza mamembala ake ndi zinayi, kuzonda odwala, kuthandiza ovutika, kuika maliro ndi kuphunzitsa ana amasiye. Bungwe la kwathuli linali la mtundu umenewu, la thumba.

Za chinsinsizo zinalipo ndithu, mawu achinsinsi, kagwiridwe ka chanza, miyambo yolandirira membala watsopano. Koma zina zinali ndi ntchito yake yeniyeni. Membala akapita tauni ina kukasaka ntchito ankatenga khadi la ulendo, akafika ku loji ya kumeneko ankanena mawu aja kusonyeza kuti ndi membala weniweni amene sali ndi ngongole, nde ankamuthandiza. Kunalibe foni yoti aimbe kufunsa. Mlonda wa pa kabowo kaja ntchito yake inali imeneyo, kuona kuti wolowayo ndi ndani, chifukwa m'katimo ankawerenga ndalama ndi kukamba za matenda a anthu.

Mayi NaPhiri:
Aphunzitsi ndamva, koma izo ndi za kunja. Za kwathu kuno tidziwa bwanji kuti zinali zomwezo?

Chikondi:
Amayi ndiyankheko ine chifukwa ndinali nawo a komiti tsiku limene anatitsegulira. M'chipinda chachikulu muli mabenchi otsamira makoma, mpando waukulu kutsogolo, katebulo ndi kanyundo kathabwa. Mu kabati muli nsalu zopachika paphewa zija ankavala pa maliro, zina njenjete zinadya. Koma chimene chinandigwira mtima ndi mabuku. Buku la msungichuma lili ndi mizere yojambula ndi rula, dzina la munthu, ntchito yake, kalipentala, telala, dalaivala, kalaliki, kenako timabokosi ta miyezi, akalipira ankachonga. Ukamatsatira dzina limodzi ndi chala umaona kuchonga kukuyenda bwinobwino zaka ndi zaka, kenako pamayamba kulembedwa kuti wadwala wapatsidwa thandizo, sabata yotsatira chimodzimodzi, kenako mzere wofiira kudula dzina lonse, pambali pake alemba ndalama ya maliro ndi dzina la mayi wamasiye amene walandira, ena osadziwa kulemba anadinda chala. Buku la maminitsi nalo muli zinthu za tsiku ndi tsiku, uyu wapatsidwa chindapusa chifukwa anabwera ataledzera, uyu chifukwa anatukwana mnzake pamsonkhano, awiri asankhidwa kukazonda wodwala ndipo akabwere ndi lipoti. Pena anakangana masamba atatu athunthu za membala amene ankalandira ndalama ya matenda koma anthu anamuona akugwira ntchito. Ine ndinawerenga mpaka kunja kunada, za zoopsa sindinazionemo. Koma mabuku awiri apansi chiswe chayamba kale ndipo pamene pali kabatiyo ndi pomwe pamadontha.

Mayi NaMoyo:
Ana inu mwandikumbutsa kutali. Bambo anga anali a m'bungwe limeneli. Atadwala nthawi yaitali kunkabwera azibambo awiri madzulo kudzakhala nawo, ankasinthana, ndipo mmodzi ankasiya envulopu m'manja mwa mayi anga osanena zambiri. Atamwalira bokosi anagula ndi iwowo, ananyamula okha atavala nsalu zawo zija, ndipo fizi yanga ndi ya mng'ono wanga analipira mpaka tinamaliza. Bambo anga anali munthu wopemphera mpaka tsiku lomaliza. Nde mukamati tigwetse ine zikundiwawa, sindikubisirani. Dzina lawo lili m'buku limenelo Chikondi mwana wanga, ndikufuna ndidzalione ndi maso anga.

Chikondi:
Agogo ndidzakutengani ndekha, musadandaule.

Tadala:
Pepani agogo, zimene mwanenazo ndazilemekeza kwambiri. Koma tisaiwale kuti si onse amene ankalandira envulopu imeneyo. Agogo anga aamuna anafunsira umembala anawakana, ndipo sanauzidwe chifukwa. Amayi sankaloledwa n'komwe. Munthu wodwaladwala kapena wokalamba sankamulandira chifukwa ati awonongetsa thumba, ndiye amene ankafunikira thandizo kwambiri ndi amene ankatsala panja. Ngati tikusunga mbiri tisunge yonse, osati yokoma yokhayo.

Chikondi:
Zoona asisi, kabokosi kovotera kaja kaliponso, kali ndi timipira toyera ndi takuda. Aliyense ankalowetsa dzanja mobisa n'kuponya kamodzi, takuda tikakwana nambala imene malamulo awo ankanena basi munthu wakanidwa, ndipo sudziwa kuti wakukana ndani.

Aphunzitsi Banda:
Tadala wanena zoona ndipo tsankho limeneli linali m'malo ambiri amene mabungwewa anafika. Ku America maloji a azungu ankakana anthu akuda, mpaka Prince Hall ndi anzake ku Boston anachita kupeza chilolezo chawo kuchokera ku England mu 1784, loji yawo inali African Lodge nambala 459. Mu 1843 Peter Ogden, yemwe ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi, anatengeranso anzake akuda a ku New York chilolezo cha Odd Fellows kuchokera ku England chifukwa a konko anawakaniza. A Odd Fellows a azungu a ku America anawatsegulira amayi kagawo kawo ka Rebekah mu 1851 koma ulamuliro unali wa amuna ndithu. Ndipo Akatolika poona kuti anthu awo akufuna thandizo lomweli koma mpingo sukulola maloji enawo, wansembe Michael McGivney anayambitsa Knights of Columbus ku New Haven mu 1882 kuti azithandiza amayi amasiye ndi ana. Chimene ine ndimaona apa ndi chakuti okanidwawo sanataye njirayo, anakayamba yawoyawo, chifukwa thumbalo linali lofunika pa moyo wa munthu wosauka. Kabokosi ka timipira kaja tikaike poonekera ndipo tilembe pansi pake zimene Tadala wanenazi.

Yamikani:
Chabwino aphunzitsi koma ngati chinali chinthu chabwino chonchi chinafa bwanji? Atsala ndi okalamba okhaokha, achinyamata sanalowe. Nde ifeyo tikatenge chimene eni ake chawakanika?

Aphunzitsi Banda:
Achimwene zifukwa zake zilipo zingapo. Mabungwe ambiri oyambirira ankalipiritsa aliyense mofanana posayang'ana zaka, nde mamembala akamakalamba odwala ankachuluka, thumba n'kumachepa, wachinyamata akaona choncho ankakana kulowa chifukwa ndalama yake izingothera akuluakulu, mapeto ake thumba kugwa. Chachiwiri ntchito yawo inatengedwa ndi boma ndi makampani a inshuwalansi. Ku Britain lamulo la National Insurance la mu 1911 la nduna Lloyd George linayamba kugwiritsa ntchito mabungwewa poyendetsa thandizo la boma, koma pofika 1948 pamene NHS, ndondomeko ya boma ya zachipatala, inayamba boma linatenga zonse m'manja mwake, dokotala amene loji inkamulipira pachaka kuti aziona mamembala sanafunikenso. Aneurin Bevan yemwe anayambitsa NHS anachokera ku Tredegar ku Wales kumene ogwira ntchito anali kale ndi bungwe lawo losonkherana za chipatala, ndipo iyeyo anakhalapo mu komiti ya chipatala cha kumeneko. Kenako moyo unasintha, anthu kusamukasamuka, madzulo kukhala pa TV. Ma Freemason a ku America anaposa 4 miliyoni mu 1959 koma lero atsika kwambiri, ndipo maholo ambiri anagulitsidwa. Nde sikuti akuluakulu athuwa analephera kanthu, zachitika m'maiko ambiri. Koma taonani gulu lathu lomwe lino, tili ndi wapampando, mlembi, msungichuma, timasonkha mwezi ndi mwezi, wina akaferedwa timathamanga. Kusiyana kwake n'kwakuti iwowo anamanga pokumanira ndipo ankalemba chilichonse, pamene ife misonkhano timachitira m'makalasi obwereka ndipo malipoti athu amasowa foni ya mlembi ikawonongeka.

Amalume Gondwe:
Ndalowa mochedwa ndinali ku saiti. Ine ndiyankhule ngati mmisiri. Nyumba ija ndinaizungulira, maziko ake ndi abwino, njerwa ndi zootcha bwino. Mng'alu wakumbuyo uja wabwera chifukwa madzi a padenga amagwera pa phazi pa khoma, ngalande inatsekeka kalekale nde dothi linafewa. Zimenezo zimakonzeka, kutsegula ngalande, kulimbitsa pansi pa ngodya imeneyo, kusoka khoma. Chodula ndi denga, malata onse ndi ochotsa ndipo mitengo ina yafumbwa, ndiyenera kukwera ndione kuti yotsala ndi ingati. Mazenera tikhoza kuwatsitsa kuti muzilowa kuwala, zimenezo zithandizanso nkhawa ya Mayi NaPhiri. Komanso Yamikani mphwanga, kutsogolo kuli malo okwanira timashopu tingapo osakhudza holo, bwanji lendi ya timashopu timeneto ndi imene izisamalira nyumbayo.

Koma wapampando chinthu china chofunika kuposa zonsezi, mapepala a malo ali m'dzina la ndani? Malo a maloji kawirikawiri amalembedwa m'maina a matrastii, anthu osankhidwa kusunga katundu m'malo mwa bungwe, ndipo m'mabungwe ambiri malamulo amati nthambi ikatsekedwa katundu amabwerera ku likulu lawo. Tisathire simenti ngakhale thumba limodzi tisanaone zimenezi, tingadzakonze bwinobwino wina n'kutulukira ndi chikalata.

Wapampando (Bambo Chisale):
Zikomo amalume, mfundo imeneyo ndi yaikulu. Mlembi alembere akuluakulu aja atipatse mapepala a malo ndi buku la malamulo awo, tipeze loya ationere. Voti tiyimitse kaye mpaka zimenezi zibwere pamodzi ndi mitengo ya a Gondwe, ya kukonza ndi ya kumanga mashopu, kuti tifananize. Koma mabuku sangadikire, mvula ikangobwera tawataya.

Tadala:
Ine ndili ndi sikana kuntchito ndikhoza kupempha, tijambule tsamba lililonse. Koma tigwirizane kaye, muli maina a anthu ndi matenda awo ndi ngongole zawo, ana awo alipo pagulu pompano, nde zisamangoponyedwa pa WhatsApp kapena pa Facebook mabanja asanafunsidwe.

Mayi NaPhiri:
Loweruka ndibwera nawo ndidzaone ndekha mabukuwo ndi zipinda zonse, ngakhale kachipinda kakumbuyo kaja atsegule. Ndipo ngati tidzaitenge ndikupempha kuti atsogoleri a mipingo ndi mizikiti adzayambe apempheramo ana asanayambe kulowa.

Yamikani:
Galimoto ndibweretsa ine Loweruka 8 koloko, wina apeze makatoni ouma ndi mapulasitiki. Koma za holoyo maganizo anga sanasinthe mpaka ndione mitengo ya amalume, ndipo pamitengopo alembe ndi ndalama yoisamalira chaka chilichonse, osati yokonzera yokha.