Kodi "banzai" wa Ajapani uja ndi mfuu ya nkhondo?

Akuluakulu, ndithandizeni. M'mafilimu a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a ku Japan amathamangira adani akukuwa kuti "banzai!" Koma pa nkhani ndimaonanso andale a ku Tokyo akapambana chisankho akukweza manja katatu, mawu ake omwewo. Kwenikweni amatanthauza chiyani?

*

Achimwene, nkhondo inachita kuwapeza alipo kale mawuwa. "Ban" ndi 10,000, "zai" ndi zaka, ndiye ukafuula choncho ukufunira munthu moyo wa zaka 10,000. Gwero lake ndi ku China, komwe amati "wansui", ndipo m'kupita kwa nthawi anasanduka ulemu wa mfumu yaikulu yokha. Ku Japan kufuula kwa chigulu kotereku si kwakale ayi. Kunatchuka pa 11 February 1889, tsiku limene Mfumu Meiji inalengeza malamulo oyendetsera dziko. Ophunzira a yunivesite ya ku Tokyo anakuwa "banzai" ngolo ya mfumuyo ikudutsa, mwambo n'kukhazikika.

*

Ndiwonjezereko za nkhondozo, bambo. Asilikali aja ankati "Tennō heika banzai", kufunira mfumu yawo moyo wautali iwo akukafa. Aamerika anangotolapo liwu lomalizalo n'kulimata pa kuukira kwa m'chimbulimbuli kuja. Koopsa kunachitika pa chilumba cha Saipan pa 7 July 1944: Ajapani masauzande, ena ovulala, ena atangonyamula nsungwi zomangirira mipeni, anathamangira mfuti n'kuthera pomwepo. N'chifukwa chake kunja kuno mawuwa amanunkha magazi, pamene kwawo amamveka ngakhale pa ukwati. Chimene chimandiseketsa n'chakuti aphungu awo amakuwa "banzai" nyumba ya malamulo ikathetsedwa, ntchito itangowathera kumene!

*

Musaiwale Korea. Zilembo zake n'zomwezo koma iwo amati "manse". Pa 1 March 1919 anthu anadzaza misewu ya Seoul akufuula "manse", kufunira moyo wautali ufulu wa dziko lawo, ndipo amene ankamutsutsayo anali Japan yemweyo, yemwe analanda dzikolo mu 1910. Apolisi ndi asilikali anapha anthu ambiri. Kwa ine apa ndi pamene mawuwa anagwira ntchito yolemera kuposa pena paliponse, chifukwa anthu wamba anawalanda kwa mafumu. Ku China nako anadzawakuwira mtsogoleri wawo Mao Zedong pa bwalo la Tiananmen.

*

Zikomo nonse. Ndiye timitengo ta m'miphika tija, bonsai, n'tapachibale ndi mawuwa?

*

Ayi ndithu achimwene, angofanana kamvekedwe. "Bon" ndi mbale, "sai" ndi kudzala.