Mapaipi a mpweya ndi a madzi m'shedi ya mathanki a nsomba: ndiyale bwanji?

Thovu24:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Shedi ndi ya mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali. Mulowa mathanki 24 pa mashelefu osanja patatu: 20 a malita 60, madzi ake akuya masentimita 30, ndi anayi a malita 200, akuya masentimita 60. Iliyonse ikhala ndi sefa ya siponji yoyendera mpweya. Kodi ndigule pampu ya mpweya imodzi yaikulu kapena timapampu tambiri? Paipi ikhale yaikulu bwanji? Nanga madzi akuda ndiziwatulutsa motani osanyamula ndowa?

Wamapaipi:
Pampu imodzi, achimwene, ya mtundu wa linear, yomwe imakankha mpweya ndi timalabala ta mkati. Timapampu tambiri ndi phokoso, mawaya ndi masoketi pafupi ndi madzi. Sefa iliyonse muiwerengere lita imodzi ya mpweya pa mphindi, ndiye malita 24, kuonjezapo wapadera chifukwa mathanki amachuluka ndithu. Ya malita 40 pa mphindi ikukwanani. Koma yang'anani tchati cha pampuyo, osati nambala ya pa katoni yokha, chifukwa madzi akamazama mpweya wotuluka umachepa.

Paipi yaikulu ikhale ya pulasitiki yolimba ya PVC ya mamilimita 25, ndipo izungulire shedi yonse n'kudzalumikizana pomwe inayambira, ngati mphete. Mukaisiya ndi mapeto, mathanki oyandikana ndi pampu amawira pomwe akumapeto amangotulutsa thovu limodzilimodzi. Mpheteyo ikwere pamwamba pa thanki yapamwamba kwambiri, pampu nayonso. Magetsi akazima, madzi amatha kubwerera m'kachubu, ndipo paipi ikakhala m'munsi amayenda mpaka kulowa m'pampu.

Pakati pa pampu ndi PVC ikanipo payipi ya labala ya masentimita 30 kapena kuposerapo. Imameza kunjenjemera, komanso mpweya wochoka m'pampu umakhala wofunda. Pamwamba pa thanki iliyonse boolani paipi, mupotokozeremo kavalavu kokhala ndi mazinga, mutakulunga tepi yoyera ya mapulambala. Bowo lichepe pang'ono kuposa mazingawo kuti agwire. Kuchoka apo tsitsani kachubu ka mamilimita 4 mkati, 6 kunja, kafupi m'mene mungathere. Mukatha kuboola, uzirani paipi yonse musanalumikize masefa. Tizinyenyeswa ta pulasitiki totsalira mkati n'timene timatseka mavalavu tsiku loyamba lomwelo.

Chomwe ambiri chimawazunguza ndi ichi: mpweya umathamangira kosavuta. Masentimita 10 alionse a madzi amakankha ndi mphamvu ya pafupifupi 1 kPa (muyezo wa kupanikiza), choncho thanki ya masentimita 60 ikufuna 6 pomwe ya 30 ikufuna 3. Mukatsegula mavalavu onse mofanana, akuya aja azima zii. Yambani ndi iwowo, muwatsegule mokwanira, kenako osazama muziwatsegula pang'onopang'ono.

Ikaninso valavu imodzi yongotayira mpweya wotsala panja. Pampu yopanikizidwa imatentha ndipo timalabala take ta mkati timang'ambika msanga.

MadziOyera:
Zonsezo n'zoona, ndingotsutsako pamodzi: kuyika paipi pamwamba sikuteteza kachubu kakavuka pa valavu n'kugwera pansi mbali ina ili m'thanki. Kakakhala ndi madzi mkati kamakoka ngati mmene amapopera mafuta m'galimoto, thanki n'kuphwa usiku umodzi. Mangani machubu pa shelefu ndi tizingwe ta pulasitiki. Komanso paipi imeneyi ndi ya pampu ya nsomba basi. Musadzalumikizeko kompuresa ya matayala, PVC ikaphulika ndi mpweya wopanikizika imamwaza zidutswa zakuthwa.

Thovu24:
Zamveka. Nanga pampu ndiitulutse panja chifukwa cha phokoso?

Wamapaipi:
Isiyeni mkati, pa kashelefu kake, pansi pake pali labala. Ikakhala panja imapopera mpweya wozizira m'madzi nyengo yozizira. Kumbukirani kuti chilichonse chili mu mpweya wa m'shedi chithera m'mathanki: mankhwala opopera tizilombo, penti, fungo la guluu. Kasefa ka polowera mpweya muzikatsuka kakada.

MadziOyera:
Tsopano za madzi. Mathanki anu onse pamodzi ndi malita 2,000. Mukamasintha gawo limodzi mwa magawo anayi pa sabata, ndi malita 500, ndiye pezani mgolo wosungira wa kukula kumeneko, muikemo mwala wotulutsa thovu la mpweya wochokera pa mphete ija. Kolorini wamba amauluka madzi akatakasidwa ndi mpweya tsiku lathunthu. Chloramine, mankhwala ena a kolorini omwe amathiridwanso m'madzi a pampopi, sauluka choncho, amafuna mankhwala ochotsera kapena sefa ya kaboni, choncho dziwani kaye chomwe chili m'madzi anu a pampopi. Paipi yochoka mu mgolo kupita ku mathanki isakhale ya kopa, chifukwa kopa amapha nkhono ndi ma shrimp ngakhale ali wochepa.

Potulutsira, boolani thanki iliyonse kumbuyo chakumtunda, muikepo bulkhead (cholumikizira paipi pa bowo la thanki, chokhala ndi labala ndi nati) ya mamilimita 25. Gulani kaye bulkhead, muyeze, ndiye muboole, poti bowo limakula kuposa paipi, nthawi zambiri cha m'ma mamilimita 45. Chobowolera chikhale cha dayamondi, madzi akuthiridwa nthawi yonse, osakanikiza, makamaka chikatsala pang'ono kutulukira. Galasi la tempered, lolimbitsidwa ndi kutentha, musaliyese n'komwe, limaphwanyika lonse kukhala timiyala. Labala wa bulkhead amakhala mbali ya mutu wake, osati ya nati. Mangani ndi dzanja, muonjezere pang'ono chabe. Sipanala imaswa galasi.

Mukamathira madzi atsopano, akale amasefukira okha. Pakamwa pa bulkhead ikani kasefa kuti tiana ta nsomba tisapite. Timapaipi ta mathanki tithire m'paipi yaikulu ya mamilimita 50 yotsetsereka masentimita 2 pa mita iliyonse. Tisamatiridwe ndi guluu pamenepo, tingolowa momasuka ndi kampata ka mpweya. Mukatseka ndithithi, madzi a shelefu yapamwamba amabwebweta ndipo paipi ikatsekeka amakatulukira m'mathanki apansi, matenda n'kuyenda nawo.

Pomwe mwamata ndi guluu dikirani maola 24, mutsukize paipi, ndiye muyese ndi madzi opanda nsomba. Pansi pa mfundo iliyonse yalani pepala louma, dontho limaonekera pomwepo.

Wamapaipi:
Magetsi onse a m'shedi adutse pa RCD ya 30 mA (kachipangizo kodula magetsi akayamba kudutsa kolakwika), masoketi akhale pamwamba, ndipo waya aliyense ayambe watsika m'munsi mwa soketi asanakwere kukalowa, kuti dontho lotsata waya ligwere pansi. Siyaninso potulukira chinyezi. Thovu la mathanki 24 limanyowetsa denga, ndipo madontho a pa malata amagwera pomwe pali pampu.